Abusa Mbewe Amene Anakakumba Manda kwa Eni

Mwezi uno chaka chakwana chimwalirireni Abusa Mbewe. Lamulungu lapitali, titatuluka m'tchalitchi, mayi busa anandigwira pamkono n'kundiuza kuti ana awo akusonkhanitsa zimene anthu akukumbukira za bambo awo, kuti zikawerengedwe tsiku lovundukula chiliza. Ndinakana. Ndinati ine sukulu ndinalekezera kupulayimale, ntchito yanga ndi yoyanika usipa, zolembazi apatseni aphunzitsi. Iwo anati aphunzitsi alemba kale za matchalitchi amene abusa anamanga ndi maudindo amene anakhalapo, koma munthuyo sakuonekamo. Ndiye ndapemphera, ndakhala pansi, ndikulemba zimene ndinaona ndi maso anga ndi zimene mwana wanga Tadala ndi mwamuna wake anandiuza. Pamene ndalakwitsa mundikhululukire.

Anali munthu wamfupi, wakuda bii, wa mapazi aakulu osalingana ndi msinkhu wawo. Poyenda ankawerama pang'ono ngati akulimbana ndi mwera, koma ankafulumira moti amsinkhu wa ana awo ankatsalira m'mbuyo. Kuno kunyanja anabwera atakalamba kale, atapuma pa ntchito ya umishonale imene anagwira zaka zambiri ku Mozambiki, pakati pa anthu olankhula Chimakuwa. Anamanga kanyumba ka njerwa zootcha chakumtunda kwa mudzi, panjira yopita ku Khombedza. Tinkayesa abwera kudzapuma. Koma akuluakulu a mpingo wathu anawapatsa ntchito ina yoyenera munthu waimvi. Chaka chilichonse, anthu akakolola, ankanyamuka kukayendera amishonale athu amene anatumizidwa kunja, ena ku Zambia, ambiri ku Mozambiki, kukaona mmene akukhalira ndi kuwalimbitsa mtima.

Ndinene zoona, paguwa sanali akatswiri. Ulaliki wawo unkayamba bwinobwino, kenako n'kupatuka, kuwoloka malire, kukazungulira midzi imene ife sitinaionepo, n'kudzabwerera tonse titayamba kale kuganiza za ndiwo. Nyimbo ankaiyambira pamwamba kwambiri moti ife a kwaya ya amayi tinkachita kuitsitsa mwakachetechete. Akakwiya ankang'ung'udza m'Chimakuwa, mayi busa n'kumawabwezera m'Chimakuwa chomwecho, ife tikungoyang'ana uku ndi uku ngati nkhuku zogula dzulo. Analinso ouma mutu. Ana awo amanena okha kuti bambo awo ankadziwa matenda a ana a eni kuposa makalasi amene ana awo anali. Zimenezi sindikubisa, chifukwa iwonso sankafuna kuwapaka mafuta.

Luso lawo linali pa kucheza. Akafika pakhomo pa munthu sankalola kulowetsedwa m'nyumba. Ankapempha kampando n'kukhala panja, pamalo poti aziona kukhitchini ndi kanjira kolowera pakhomopo. Sankafulumira kupemphera kapena kulangiza. Ankangokhala, kumwa madzi, kufunsa za nkhuku, za denga, za amene wadwala kwa aneba. Ankakonda kunena kuti pakhomo pamayamba kulankhula mwini wake akatopa kulankhula, ndipo mlendo wobwera ndi mawu ambiri amabwerera asanamve kanthu.

Ulendo ukayandikira, khonde lawo linkasanduka msika. Aliyense amene anali ndi mbale wake kunja ankabwera ndi kamtolo: usipa, utaka, mpunga, nsinjiro, kachitenje. Asodzi a ku Mbenji, amene abusa ankakonda kukakhala nawo padoko akamasoka maukonde, ankawonjezerapo chambo chowamba kuti akadye panjira. Mayi busa ankakalipa chaka ndi chaka kuti jekete la abusa likafika likununkha ngati thandala la nsomba, amphaka onse a ku Mozambiki aziwalondola. Abusa ankayankha kuti ngati amphaka atsatira ndiye kuti mpingo wayambika. Katundu sankakana, kupatula nkhuku yamoyo ndi uthenga wokalipa. Mayi wina atawatuma kuti akauze mwana wake kuti waiwala kwawo, anamuuza kuti mawu amenewo awasunge bwino, adzamuuze yekha akumuyang'ana m'maso.

Mwana wanga Tadala anakwatiwa ndi mlaliki wachinyamata wa ku Chitala, a Limbani, munthu waulemu, wokonda Mulungu ndi mtima wonse, wosadziwa nthabwala pa zinthu za mpingo. Ukwati usanazizire, mpingo unawasankha kupita ku Mozambiki, kumudzi wina wakutali kupitirira Cuamba, kumene kunalibe tchalitchi. Ine ndinathamangira kwa Abusa Mbewe kukawapempha kuti alankhule ndi akuluakulu, ana aja awasiye kaye kuno mpaka Tadala ataona mwana woyamba ali pafupi ndi ine. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza kulira. Kenako anati, "Mayi a Tadala, m'kwaya mumaimba mokweza kuti Ambuye atume antchito kumunda kwawo. Mumafuna azituma ana a ndani?"

Mawu amenewo anandibaya. Ndinabwerera kwathu ndikunena mumtima kuti nkhalamba iyi ilibe chisoni. Koma m'mawa mwake anabwera, anakhala pabwalo, osatchulanso za dzulo, ndipo ponyamuka anati malinga akali ndi miyendo, mwana wanga azikamuona ndi maso chaka ndi chaka. Lonjezo limenelo analisunga kamodzi kokha.

Nkhani ya kuona ndi maso ndi imene ankakanganirana ndi a Mwale, mlembi wa komiti yoona za amishonale, amene amagwira ntchito pa loji ina yogona alendo ku Senga Bay. A Mwale si munthu woipa. Iwo ankati masiku ano kuli mafoni, mnzako umamuona nkhope ali kutali, ndiye palibe chifukwa chovutitsira munthu wamkulu m'matola ndi panjinga zamoto, kuwoloka malire pa Chiponde ndi fumbi lonse lija. Pamsonkhano wina anaimbadi foni pamaso pa anthu onse. A Limbani anaoneka atavala tayi, kumbuyo kwawo kuli khoma lozira bwino, n'kunena kuti Ambuye akuwasunga, ntchito ikuyenda pang'onopang'ono. Anthu anawomba m'manja. Abusa anangofunsa ngati foniyo imatha kutembenuka yokha n'kuyang'ana kumene mwini wake sanailozetse. A Mwale anaseka, anati abusa akuopa kuti makina awalanda ntchito. Abusa anati inde akuopa, ndipo apitabe.

Inenso ndinkalankhula ndi Tadala pafoni. Patapita miyezi anandiuza kuti ndi woyembekezera. Ndinagwada pomwepo n'kuthokoza, koma nditadzuka mantha anandigwira. Chipatala chinali kutali ndi mudzi wawo. Ine kupita sindikanatha, bambo ake a Tadala anali chigonere ndi matenda nthawi imeneyo. Ndikamufunsa kuti kodi pali amayi amene akukuyang'anira, ankati alipo, musadandaule. Ndikati nditchulire dzina la mmodzi yekha, ankati netiweki ikuvuta. Mwana wobereka wekha umamumva ngakhale pamene wakhala chete. Koma ndinalibe choti ndigwire, poti aliyense ankati ali bwino.

Abusa ananyamuka mu Juni, kukuzizira. Ndinawapatsa usipa wosankha ndi chitenje choberekera. Anayenera kuzungulira malo angapo n'kubwerako msanga. Anabwera mochedwa kwambiri, ataonda, akutsokomola, atafika malo amodzi okha, kwa a Limbani. Amishonale ena anawadikira mpaka kutopa, nkhuku zimene anawasungira n'kudya okha. Choipitsitsa, mbiri inali itafika kale kuno yoti abusa sanalalikire ngakhale kamodzi, koma anakagona pamaliro a anthu osapemphera, pamene panali mowa ndi nsembe za ufa, ndipo anaoneka atavula kolala ali m'dzenje la manda.

Komiti inawaitana. Ine sindinalimo, koma zokambidwa m'komiti ya mpingo zimafika kudoko dzuwa lisanapendeke. Akuti anawafunsa ngati zinali zoona, iwo anati zoona. Anawafunsa chifukwa chake, iwo anati anachedwa basi, alembe choncho. A Mwale anawachonderera kuti anene kanthu koti komiti igwirepo, iwo anangotsokomola n'kuyang'ana pawindo. Pomaliza anawathokoza chifukwa cha zaka zonse, n'kuwauza mwaulemu kuti tsopano apume, zoyendera amishonale aziona ena. Anavomera, anatenga chipewa chawo n'kutuluka. Kwa ine ananena zochepa. Anati mdzukulu wanga wamkazi ndi wamakani ngati agogo ake, mayi ake akuchira, ndipo tsopano ali ndi anthu. Mawu oti "tsopano" amenewo sindinawamvetse nthawi imeneyo.

Ndinadzamvetsa chaka chotsatira, Tadala ndi a Limbani atabwera kudzationetsa mwana. Anafotokoza ndi a Limbani eni ake, atakhala pamphasa, ndipo ndi iwo amene andilola kuti ndilembe zimenezi.

Abusa anafika kumeneko masana panjinga yamoto, mitolo itamangidwa mbali zonse. Anapeza pakhomo posesedwa bwino, kachisakasa kopemphereramo kali pambali, mabenchi ake atsopano. A Limbani anapha nkhuku. Abusa anakhala panja monga mwa chizolowezi chawo. Dzuwa linayenda, mthunzi unasuntha, koma palibe amene anabwera kudzalonjera mlendo. Njinga yamoto kulira m'mudzi, kutsitsa nkhalamba yachilendo ndi katundu yense uja, osabwera ngakhale ana odzasuzumira. Anthu ankadutsa panjira nkhope zili kumbali. Tadala atabwera ndi madzi osamba m'manja, akuyenda movutika ndi pakati pake, abusa anamufunsa kuti munthu womaliza kudzapempha mchere pakhomopo anali ndani. Tadala anaika beseni pansi n'kuyamba kulira.

Nkhani yake inali iyi. A Limbani ndi Tadala atangofika kumene m'mudzimo, kunagwa maliro panyumba yoyandikana nawo. Anamwalira mwana wamwamuna wa Mayi Alima, mayi wachikulire amene ndiye mzamba wa mudzi wonse. A Limbani anasuzumira, anaona mitsuko ya mowa ikubwera, anaona akuluakulu akuthira ufa patsinde pa mtengo, n'kunena kuti mtumiki wa Mulungu sangakhale pamalo otero. Anatseka chitseko. Ndipo poti anali ndi chisoni ndithu, anauza mkazi wawo kuti awapempherere anthu aja ali m'nyumba. Anapemphera, kenako anaimba nyimbo za mpingo, zingapo, mokweza monga timaimbira kuno. Iwo ankati akutonthoza. Koma kunja anthu anamva alendo akuimba m'nyumba yotseka, mtembo wa mwana wa mnansi wawo uli pamphasa.

Palibe amene anawatukwana kapena kuwathamangitsa. Anangowafafaniza. Tadala akafika pachitsime amayi ankamupatsa malo n'kukhala chete mpaka atachoka. Moni ankayankhidwa ndi liwu limodzi. M'kachisakasa muja Lamulungu munkakhala anthu awiri, wolalikira ndi mkazi wake. Mimba inakula mudzi wonse ukuona, ndipo panalibe mayi ngakhale mmodzi amene anafunsa kuti ndi ya miyezi ingati. Pafoni sankanena, a Limbani poopa kuti mpingo uwayesa olephera, Tadala poopa kundidwalitsa ine.

Abusa anawatengera a Limbani kuseri kwa nyumba. Anawafunsa kuti, "Mwana wanga, kwanu ku Chitala munthu wosapita pamaliro a anzake mumamutani?"

"Timamusiya, tsiku lake adzaike yekha."

"Nanga mumayesa kuno anthu amabadwa mwa mtundu wina?"

A Limbani sanagonje. Anati kwawo ndi kwa Akhristu, kuno kuli nsembe ndi mowa, ndipo akakhala nawo pamenepo anthu adzati zonse ndi chimodzimodzi. Abusa anati, "Palibe anakupemphani kuti mumwe. Ankangofuna mukhale pansi." Anakangana mpaka nkhuku ija inazizira. A Limbani anafika ponena kuti ngati abusa akuphunzitsa zimenezi, iwo adziwitsa komiti. Abusa anati adziwitse, koma ayambe aganiza kuti tsiku la mkazi wawo likafika adzagogoda pakhomo pa ndani.

M'mawa mwake abusa anayenera kupitirira ulendo. Sanapite. Anayamba kuzungulira m'mudzi, kupereka moni m'Chimakuwa khomo ndi khomo. Anthu anadabwa kumva nkhalamba ya ku Malawi ikulankhula ngati agogo awo, koma ankayankha mwaulemu wozizira. Ankati ndi mlendo wa oimba aja. Masiku anapita chonchobe, mpaka m'mawa wina kunamveka kulira chakumunsi kwa mudzi. Kunamwalira bambo wina wachikulire.

Abusa anavula jekete, anavula kolala, anatenga khasu la a Limbani osapempha, n'kulunjika kumanda kumene amuna anali atayamba kukumba. Inu mukudziwa kuti kuno kwathu kukumba manda ndi ntchito ya adzukulu, munthu wa msinkhu wawo ndi udindo wawo amakhala pampando pamthunzi. Kumenekonso n'chimodzimodzi. Amuna aja anaima n'kumangowayang'ana. Iwo anatsikira m'dzenje. Poti anali aafupi, akuti kunja kunkangooneka khasu likukwera ndi kutsika, nthaka yake youma gwa ya mwezi wa Juni. Mmodzi anaponya mawu kuti agogowa akudziyezera okha. Abusa anayankha ali m'dzenje momwemo kuti likawakwana ndiye bwino, sipafunika kukumba kawiri. Amuna aja anaseka, ndipo kumanda anthu akaseka nawe ndiye kuti akulandira. Anawasiya akumbe pang'ono, kenako anawatulutsa ndi manja, n'kuwapatsa madzi.

Anakhala pamaliropo mpaka mapeto. Chikho cha mowa chikafika pa iwo ankachilandira ndi manja awiri n'kupatsira woyandikana naye. Pothira ufa paja anangoweramitsa mutu n'kumapemphera chamumtima kwa Mulungu wawo. Anagona panja ndi amuna anzawo, pansi, m'chisanu chija, ndipo chifuwa chimene anadzapita nacho kumanda anachitengera pamenepo. Tsiku loika, a Limbani anabwera n'kuima patali, manja ali kumbuyo. Abusa sanawaitane. Anangosendera pachipika chimene anakhalapo, malo n'kutsala. A Limbani anaima nthawi yaitali, kenako anabwera n'kukhala. Tadala naye anasenza ndowa ya madzi kupita kumene amayi ankaphika. Palibe anamulankhula, koma mayi wina anamulozera ndi mlomo poti aike.

Maliro atatha, abusa anati ntchito yeniyeni yatsala. Anatenga usipa uja ndinatumiza ine, anauika m'lichero, anawatsogoza a Limbani ndi Tadala kupita kwa Mayi Alima kukapepesa maliro a mwana wawo, miyezi yonseyo itadutsa. Anakhala pansi onse atatu. Abusa analankhula, a Limbani ali chowerama. Mayi Alima sanalandire lichero, sanalikanenso. Anayang'ana kumbali n'kunena mawu ochepa. A Limbani anafunsa kuti akuti chiyani. Abusa akanatha kufewetsa, koma anamasulira momwe analili: "Akuti nyimbo imene munaimba tsiku lija amaimvabe akamagona." A Limbani amanena kuti chiyambireni kulalikira sanamvepo ulaliki wowathyola ngati umenewo. Analira pamaso pa amayi aja ngati mwana.

Anabwerera kunyumba osadziwa ngati akhululukidwa. Tadala anawapempha abusa kuti apitirire ulendo, ena akuwadikira, ndiponso chifuwa chikukula. Iwo anati sachoka mpaka munthu wa m'mudzimo atabwera kudzapala moto pakhomopo. Ankadzuka, kukhala pabwalo, kutsokomola, kuyang'ana kanjira. A Mwale ankaimba foni kuchokera kuno, iwo n'kumati auzeni ndili bwino, poti pafoni aliyense amakhala bwino.

Ndiye m'mawa wina Mayi Alima anatulukira ndi phale m'manja, kudzapala moto, utsi ukuoneka ndithu ukufuka kukhitchini kwawo. Anapala makala awo, koma sanachoke. Anayang'ana mapazi a Tadala, amene anali atatupa, anawerama n'kudina ndi chala, kenako anayamba kukalipa kwa nthawi yaitali. Tadala anayang'ana kwa abusa mwamantha. Abusa anati, "Akuti ndiwe chitsiru. Akuti mwamuna wako ndi chitsiru chachikulu. Akutinso kuyambira lero usakatungenso madzi, atumiza mpongozi wawo." Tadala akamafotokoza pamenepa amaseka ndi misozi, amati sanatukwanidwepo mokoma chonchija.

Abusa anayamba kumanga chikwama, koma matenda a Tadala anayamba nthawi isanakwane. Mayi Alima anabwera ndi amayi ena, anamugwiragwira, n'kunena msanga kuti mwana wakhala mopingasa, izi si za m'nyumba. Anatuluka panja n'kuitana mayina. Amuna omwe aja anakumba manda ndi abusa ndi amene anabwera ndi machira, n'kumunyamula mosinthana mpaka kumsewu waukulu, kumene anaimitsa galimoto. Mayi Alima anakwera naye. Kuchipatala anamuchita opaleshoni. Mwana anatuluka wamoyo, mayi ake wamoyo. Ine kuno ndinalandira foni yachisangalalo, osadziwa kuti kukanakhala kuti m'nyumba muja munali anthu awiri okha monga kale, ikanakhala foni ina. Ndikaganiza zimenezi ndimasowa mawu opempherera, ndimangoti zikomo, zikomo.

Ndipo chimene abusa anakhalira chete kukomiti kuja chinali chakuti, akanafotokoza, akanavula a Limbani pamaso pa akuluakulu, mwina n'kuwaitanitsa kuti abwerere, pamene anali atangoyamba kumene kukhala munthu m'mudzi muja. Anasankha kuti mlandu ukhale wawo. Za mowa ndi dzenje zija anadziwitsa komiti ndi a Limbani omwe, ali chikwiyire masiku a maliro aja, ndipo abusa ankadziwa, koma sanawakumbutse ngakhale kamodzi.

A Limbani atabwera anakaulula zonse kukomiti. A Mwale anapita okha kwa abusa kukapepesa, ndipo anati akafuna ntchito ija aitengenso. Abusa anati miyendo ilipo koma chifuwa chakana. Kenako anawauza kuti m'malo motaya nthawi ndi kupepesa, awaphunzitse kadinidwe ka foni ija. Kuyambira pamenepo a Mwale akaweruka ku loji ankadutsira kwa abusa, awiriwo n'kumaimbira amishonale mmodzimmodzi. Abusa ankavomera kuti makinawo ndi abwino poonera mano a mwana akamamera. Koma asanadule ankalamula kuti foni aitembenuze, aone kukhitchini ndi panjira, ndipo ankafunsa kuti sabata ino wabwera ndani. Kukangana kwawo sikunathe. Kunangokhala kwa anthu okondana.

Chifuwa chija chinawadya pang'onopang'ono. Anasiya kufika kudoko, kenako anasiya kufika kutchalitchi. Ndikapita kukawaona ankandifunsa za mdzukulu, n'kundikumbutsa kuti ndinkawayesa opanda chisoni. Ndinkati ndani anakuuzani, iwo n'kumati nkhope yanga ilibe chitseko. Anamwalira m'mawa, mayi busa akuwaphikira phala.

Pamaliro awo panadzaza anthu, asodzi, a m'maloji, Asilamu a kudoko, abusa anzawo ochokera kutali. Tadala panalibe. Tsiku lomwelo kumudzi kwawo kuja kunali maliro a mchimwene wa Mayi Alima, ndipo Tadala ndi amene anapatsidwa kuyang'anira miphika, a Limbani ali kumanda ndi khasu. Tadala anandiimbira akulira, kufunsa kuti atani, anyamuke kapena ayi. Mayi busa, ali m'siwa momwemo, anamva, anatambasula dzanja n'kutenga foni. Anati, "Khala komweko, mwana wanga. Ukabwera kuno adzuka n'kukubweza."

Mpingo wa kumeneko ukadali waung'ono. Mabenchi ena akadali atsopano. Mayi Alima sanalowemo m'kachisakasa muja mpaka lero, ndipo mwina sadzalowamo, izo adziwa ndi Mulungu. Koma mdzukulu wanga amadya kwawo, amagona kwawo, amawatcha agogo m'Chimakuwa, ndipo ine nsanje ndilibe.

Dzulo ndinapita kwa mayi busa kukafunsa ngati zimene ndikulembazi zili bwino. Ananditengera kuseri kwa nyumba, kumene sindinafikeko nthawi yonse imene abusa anali moyo. Kuli kamunda kakang'ono ka chinangwa, koma chinangwa chake n'chosiyanasiyana, china cha masamba ofiirira, china chachitali, china chofupika chotambalala. Anandiuza kuti paulendo uliwonse abusa ankabwera ndi kamtengo ka chinangwa kuchokera pamunda wa mmishonale aliyense, n'kudzabzala pamenepo. M'mawa uliwonse ankayenda pakati pa mizere, kuima pa phata lililonse, kutchula banja lake ndi ana ake mayina, n'kulipempherera. Anandilozera phata lakumapeto, pafupi ndi mpanda, anati ilo ndi la a Limbani ndi Tadala.

Mpandawo mbuzi zaubowola. Masamba am'munsi zadya, atsala am'mwamba okha. Chinangwa chakhwima kalekale, nthaka yachita kung'ambika m'mbali mwa mapata, koma palibe wazula, ndipo mayi busa akuti dzanja lawo limakana. Pakati pa mizere pali kanjira kopapatiza, kolimba ngati pozira, kamene mapazi a munthu mmodzi anaponda m'mawa uliwonse. Udzu wayamba kulowa mbali zonse ziwiri. Pakati penipeni ndi pamene sipanamere kanthu.